Ndinabisa Mawu a Mwana Wanga M'thumba la Kachewere

Abusa athu, ndakulonjerani. Akulu a mpingo, atumiki, amayi anzanga mbali ino, abambo mbali iyo, ndi inu achinyamata kumbuyoko amene mumayesa kuti sitikuonani mukamanong'onezana, nonse ndakupatsani moni m'dzina la Ambuye Yesu. Amen? Iyayi, Amen ameneyo ndi wa chisanu. Amen!

Ndikufuna kuchitira umboni lero, koma ndiyambe ndakuchenjezani kuti umboni wangawu suli ngati wa anzanga. Anzanga akaima pano amanena za matenda amene achira, za ntchito imene apeza, za mwana amene wakhoza mayeso. Ine ndabwera kudzanena za nsanje. Osati nsanje imene wina anandichitira, ayi. Nsanje yanga, ine mwini wake, mayi wobatizidwa, wosajomba ku mapemphero a Lachinayi.

Kwa inu alendo, ine ndine mayi a Madalo. Madalo ndi uyo wakhala panjinga yake ya olumala pafupi ndi khomo, wavala chipewa chofiira. Ali ndi zaka khumi. Amene wakhala pambali pakeyo ndi mng'ono wanga Lusiya, uja amayambitsa nyimbo mu kwaya. Zimene ndinene pano zikumukhudza, ndiye ndayamba ndamupempha. Wati, "Achemwali, nenani zonse, musasiyeko." Ndiye ndinena zonse.

Madalo anabadwa movutikira. Anachedwa kulira, ndipo atakula pang'ono tinaona kuti manja ndi miyendo ndi zolimba, lilime nalo silimumvera. Koma mutu, abale anga, mutu uli bwinobwino. Amamva chilichonse. Mukamanena miseche pafupi naye, dziwani kuti akusunga. Chimene chinamukanika ndi kutulutsa mawu basi.

Zaka zisanu ndi zinayi ine ndinali pakamwa pake. Akayang'ana ku ndowa, ndimadziwa kuti ndi ludzu. Akakwinya pamphumi, ndimadziwa kuti afuna kuchimbudzi. Bambo ake omwe ankachita kundifunsa, "Mayi a Madalo, akuti chiyani mwanayu?" Ndipo ine ndinkayankha monyadira, ngati womasulira wa abusa achilendo. Ndisakunamizeni, ndinkazikonda zimenezo. Zinali zolemetsa, msana uno ukudziwa, koma ndinkazikonda, chifukwa ndi chinthu chokhacho padziko lapansi chimene ndinkamuposa Lusiya.

Mvetsani bwino pamenepa. Ife tinabadwa awiri. Ine ndinagwa Sitandade 8 kawiri, n'kulowa kudimba kukalima kachewere. Lusiya anapita ku sekondale, anabwerako n'kuyamba kuphunzitsa ana a sukulu ya mkaka. Nyumba yanga ndi yake zili pamalo amodzi a malemu amayi athu, mapazi makumi anayi kuchoka pakhomo panga kufika pakhomo pake. Yake ili ndi sola padenga, yanga ayi. Iye akatsegula pakamwa kuimba, anthu amatseka maso. Ine ndikaimba, anthu amatsegula maso kuti aone amene wasokoneza. Musaseke, amayi a kwaya, ndinu amene munandiuza kuti ndiziomba m'manja basi! Zonsezo ndinkazimeza, ndinkati palibe kanthu, iye ali ndi zake, ine ndili ndi Madalo.

Ndiye kusukulu yathu ya pulayimale kunabwera a madamu amene anaphunzira kuphunzitsa ana ngati Madalo. Anabwera kwathu katatu kudzandinyengerera kuti mwana ayambe sukulu, mpaka ndinalola. Patapita miyezi, ananditumizira uthenga kuti kwabwera tabuleti, chija chili ngati foni yaikulu yopyapyala, ndipo imodzi ikhala ya Madalo. Pagalasi pake pali timabokosi, kabokosi kalikonse kali ndi chithunzi: kapu, bulangete, chimbudzi, mimba, dzino, dzuwa. Mwana akadina pachithunzi, chinthucho chimalankhula m'malo mwake. Koma chinabwera chikulankhula Chingelezi cha m'mphuno. Ndiye a madamu anati, "Mayi, mubwere Lachinayi. Tidzajambule mawu anu m'Chichewa, tidzakujambuleninso chithunzi, kuti mwana azilankhula ndi mawu a kwawo."

Mukudziwa zimene ndinayankha? Ndinati Lachinayi kukubwera lole ya mavenda kudzatenga kachewere. Zinali zoona, lole inabweradi. Koma chifukwa chenicheni si chimenecho. Choyamba, nkhani ya zithunzi inandiwawa kale. Madalo ali wamng'ono kunabwera anthu ena ndi galimoto, anatijambula ine ndi iye pakhonde, anatiuza kuti tisamwetulire, anapita, mpaka lero. Ndinalumbira kuti nkhope yanga sidzalowanso m'makina a munthu. Chachiwiri, mumtimamu ndinkati, chidole cha azungu chingadziwe chiyani za mwana wanga chimene ine sindidziwa? Ndiye ndinaima pakhomo n'kukuwa, "Lusiya! Pita ndiwe, wophunzirawe, zimenezo ndi zanu!" Ndi pakamwa panga pano, abale. Palibe anandilanda. Ndinamutuma ndine.

Lachisanu masana Madalo anabwera nayo tabuleti kunyumba. Tinakhala pamphasa panja, ine, bambo ake, ndi Lusiya. Mwana anatambasula dzanja lake lija lonjenjemera, anavutika, anavutika, kenaka anadina. Chinthu chija chinati, "Ndikufuna madzi."

Bambo ake anavula chipewa. Bambo amene sindinawaonepo akulira ngakhale pamaliro a mayi awo, misozi inali chuchuchu. Lusiya anaomba m'manja, nthungululu. Anthu oyandikana nafe anathamangira kudzaona. Ine ndinamva ngati andithira madzi a m'mawa a Juni pamsana. Chifukwa mawu amene anatuluka aja anali a Lusiya. Mwana wanga, amene ndinamudikira zaka zisanu ndi zinayi kuti alankhule, walankhula tsiku loyamba ndi mawu a mng'ono wanga.

Ndinanyamuka kukatunga madziwo. Ndinamwetulira, anthu aone mano. Koma njoka inali italowa kale.

Masiku otsatira zinangoipiraipira. Madalo anayamba kutiuza zinthu. Pali juzi yobiriwira imene ndinkamuveka chisanu chilichonse, ndinkati amaikonda chifukwa ndikamamuveka ankagwedeza mapewa. Tsiku lina ndaitenga, iye n'kudina: "Juzi. Ayi. Kuyabwa." Abale, kugwedeza mapewa kuja kunali kuyabwa! Zaka zitatu! Phala la soya limene ndinkamupatsa m'mawa uliwonse, n'kumauza anthu kuti mwana wanga popanda soya sadya: "Phala. Ayi. Mbatata." Bambo ake anaseka mpaka kugwira nthiti, amvekere, "Womasulira wathu uja ankatinamiza!" Iwo ankangocheza. Ine zinandilasa pamtima, chifukwa amene ankanditsutsa pamaso pa amuna anga, m'nyumba mwanga, anali mawu a Lusiya.

Tsiku lina mwana ali kugona masana, ndinatenga tabuleti ija kuti ndione bwino. Ndinapeza tsamba la anthu. Bambo ake analipo, atavala jekete. A madamu analipo. Lusiya analipo, akumwetulira mano onse panja, ndipo ukadina pamenepo chimati, "Amayi aang'ono." Ngakhale galu wathu analipo! Galu, abale, wakuba mazira uja, anali ndi kabokosi kake. Ine ndinafufuza, ndinafufuza, mulibe. Pamwamba pakona panali kabokosi koyera kopanda chithunzi, ukadina sikalankhula. Basi.

Ndinadziwa kuti ndinakana ndekha kujambulidwa. Mutu unkadziwa. Koma nsanje simva za mutu. Nsanje inati, aona, akuchotsa. Apangana ndi a madamu. Wophunzira ndi wophunzira mnzake.

Ndipo panali chinthu china chimene chinkandinyansa. Nthawi zonse Madalo asananene kanthu, dzanja lake linkayamba lapita pa kabokosi kopanda kanthu kaja. Adina, adina, kenaka n'kupita pa madzi kapena pa bulangete. Ine ndinkati dzanja likuphonya, paja limanjenjemera. Ndinkalikankha, n'kumati, "Apo palibe kanthu, iwe, usatayepo nthawi." Musaiwale pamenepa, ndibwererapo.

Kumjigo nako anthu sanandithandize. Mayi wina, sinditchula dzina, ali momuno ndipo tinakhululukirana, anati, "Koma ndiye Madalo watengera mawu kwa amayi ake aang'ono, eti? Mwana wa mnzako ngwako yemwe!" Iye ankayamikira. Ine ndinasenza ndowa isanadzaze n'komwe.

Ndinayamba kuwerenga. Tsiku lililonse ndinkawerenga kuti "Amayi aang'ono" amveka kangati. Lusiya akangotulukira pakhomo pake, "Amayi aang'ono!" Akamadutsa kupita kuntchito, "Amayi aang'ono!" Ine amene ndamusambitsa, ndamupukuta, ndamubereka kukwera naye chitunda cha kusukulu m'matope pamene njinga yakanika, ine palibe. Pachikhalidwe chathu mng'ono wa mayi ndi mayi ndithu, ndikudziwa, nanenso ndinkawatcha choncho ang'ono awo a amayi anga. Koma mukamva mawu akuti "amayi" m'nyumba mwanu tsiku lonse, ndipo nthawi zonse akutsatana ndi "aang'ono", amayi anzanga, mundiuze, mtima ungakhale m'malo?

Sukulu itatsekera, a madamu analola kuti tabuleti ikhale kunyumba tchuthi chonse. Inali nthawi ya chisanu chenicheni, chifunga chikumakhala m'mapainimu mpaka dzuwa litakwera. M'mawa wina Lusiya anabwera ndi chipewa chimene analuka yekha, ndi chomwecho chofiira wavalacho. Anati amutenge Madalo akaothere dzuwa kukhonde kwake, kumene limayambira kufika. Madalo atamuona, nkhope yonse inawala, anadina katatu: "Amayi aang'ono. Amayi aang'ono. Amayi aang'ono."

Pamenepo ndinaphulika. Abusa, mundikhululukire, ndinena momwe ndinanenera. Mukudziwa nonse kuti Lusiya wakhala pabanja zaka zisanu ndi zitatu, Mulungu sanamupatsebe mwana. Mukudziwa mmene wapempherera, mmene wayendera m'zipatala. Ine mkulu wake, wobadwa naye mimba imodzi, ndinamuyang'ana m'maso n'kunena kuti, "Iwe Lusiya, ngati ukufuna wokutcha amayi, bereka wako."

Eee, ndamva mmene mwausira moyo. Usani ndithu. Ndi mmenenso kumwamba anausira.

Lusiya anaika chipewa chija pamphasa pang'onopang'ono, anatembenuka, n'kumapita. Ndinamuona akuyenda mapazi makumi anayi aja atagwira pakamwa.

Mukuganiza kuti ndinalapa? Ayi. Satana akakugwira dzanja sakusiya pakhomo, amakulowetsa mpaka kuchipinda. Ndinalanda tabuleti ija pamiyendo pa mwana, ndinaizimitsa, ndinaikulunga m'chitenje chakale. Tili ndi kachipinda kamdima kamene timasungamo mbewu ya kachewere kuti iphuke. Ndinamasula thumba limodzi, ndinaikankhira pakati pa mbatata, n'kumanganso. Bambo ake atabwera kudimba ndinawanamiza kuti a madamu atuma munthu kudzaitenga, akuti ikakonzedwe. Anangoti, "Ooh, chabwino." Amuna anga sadziwa kukayikira munthu, ndiye tchimo langa linakula kawiri.

Ndinaiwala chinthu chimodzi. Chitseko cha kachipinda kaja chinali chotsegula, ndipo Madalo anali pamphasa, akuona zonse.

Masiku awiri oyamba ndinasangalala. Ndikunena pamaso pa Mulungu, ndinasangalala. M'nyumba munali zii, mawu a Lusiya kulibe. Bambo ake anayambanso kundifunsa, "Akuti chiyani mwanayu?" Ndinabwerera pampando wanga. Mwana wanga ndinamutseka pakamwa kuti ine ndikhalenso wofunika, ndipo ndinkaimba nyimbo za Mulungu ndikusesa pabwalo.

Tsiku lachitatu Madalo anakana kudya. Ndinamuphikira mbatata imene amaikonda, anatembenuza nkhope. Anayamba kulira, kulira kwina kumene sindinakumvepo, kochokera pansi. Thupi linafunda. Ndinati ndi malungo. Ndinamubereka mpaka kuchipatala chathu chaching'ono, anamubaya chala, anati malungo mulibe. Anandifunsa kuti, "Mayi, akudandaula pati?" Ine katswiri uja, womasulira uja, ndinangoti mwina m'mimba. Anatipatsa panado, tinabwerera.

Tsiku lachinayi, chimodzimodzi. Madzi okha, nawonso akangofika m'kamwa iye ankalumpha ngati ndamuwotcha. Ankamenyetsa mutu pachifuwa panga. Ndinamukanda mimba, ndinamuyang'ana m'makutu, ndinamuvula masokosi kuona ngati chamuluma chinthu. Palibe. Ndipo tamverani mmene nsanje imapusitsira munthu: ndinayamba kuganiza kuti akunyanyala chifukwa wasowa Lusiya. Ndinamukalipira mwana wodwala. Ndinati, "Lira, amayi ako aang'onowo sabwera!"

Tsiku lachisanu m'mawa, bambo ake anapita kukafuna njinga yamoto yoti itipititse ku Boma. Ndinatsala naye ndekha. Anali atafooka, milomo itauma, kulira komwe kwatha mphamvu. Ndinamugoneka pamphasa, n'kuona kuti maso ake ali pamalo amodzi. Ndinamutembenuzira kukhoma, anavutika mpaka anatembenuzanso mutu. Ndinatsatira maso akewo. Anali pa chitseko cha kachipinda ka mbatata. Akayang'ana chitseko, ayang'ana ine. Akayang'ana chitseko, ayang'ana ine.

Abale, zaka zonse zija ndinkadzitama kuti ndimawerenga maso a mwana wanga. Tsiku limenelo ndinawawerengadi, ndipo ndikanakonda ndikanakhala wosadziwa kuwerenga. Masiku onsewo ankayang'ana chitseko chimenecho. Ine ndinkaona, koma sindinkafuna kuona.

Ndinalowa, ndinang'amba thumba ndi mano, mbatata mbwee pansi. Ndinatulutsa tabuleti ija, ndinadina batani. Zii. Ndinadinanso. Zii. Moto unali utatha. Ndipo pamudzi pathu ponse, nyumba ya sola yoti n'kutchajako ndi imodzi yokha. Mwaidziwa kale.

Ndayendapo wapansi kuchoka kuno mpaka ku Linthipe nditasenza nyemba, koma ulendo wautali pa moyo wanga ndi mapazi makumi anayi amenewo. Mwana kumsana, tabuleti m'manja itadetsedwa ndi dothi la mbatata. Ndinaima pakhomo pake, mawu akuti "odi" anandikanika. Lusiya anatsegula yekha, anali atationa pawindo. Maso ake anali otupa. Anayang'ana ine, anayang'ana chitenje chadothicho, anayang'ana Madalo. Anamvetsa zonse. Ndinadikira kuti andilalatire, ndinkafuna andilalatire, zikanandipepukira. Iye anangoti, "Lowani, achemwali. Mugonekeni pabedipo." Analandira tabuleti, anaipukuta ndi malaya ake, anailumikiza.

Tinadikira kuti iyake. Sindikudziwa kuti zinatenga mphindi zingati, kwa ine zinali ngati chaka. Itayaka, Lusiya anaigwirizira patsogolo pa Madalo. Dzanja lija linanyamuka, lofooka, likunjenjemera kuposa kale. Linapita kuti? Pa kabokosi kopanda kanthu kaja. Kudina. Kudina. Kudina. Ine ndinakuwa, "Madalo, apo palibe kanthu! Tiuze pamene pakupweteka!" Ndiye dzanja linatsika: "Kuwawa. Dzino. Kuwawa. Dzino."

Dzino! Lusiya anayatsa tochi ya foni, tinamutsegula kukamwa movutikira, paja nsagwada zake zimalimba. Kumbuyo kwenikweni, dzino lobooka, nkhama yatupa ngati nthuza. Masiku atatu mwana akuvutika ndi dzino, chithunzi cha dzino chili m'thumba la kachewere, mayi ake atamanga ndi luzi.

Tili kudikira njinga yamoto ija, Lusiya anandifunsa motsitsa mawu, "Achemwali, kodi mukudziwa kuti kabokosi aka n'ka ndani?" Ndinati, "Kopanda kanthuko?" Iye anati, "N'kanu. A madamu anakaika pamwamba penipeni, poyambira, anamuuza Madalo kuti apa ndi pa amayi ako. Anandiuza kuti ndijambule mawu akuti 'Amayi' ngati mmene ndinajambulira enawo. Ndinakana. Ndinati mawu ena onse ndinena, koma awa eni ake alipo, abwere okha. Tinakasiya choncho kudikira inu. A madamu anakutumizirani uthenga kawiri."

Zoona, anatumiza kawiri. Kawiri konse ndinati ndili kudimba.

Kenaka anapendeketsa tabuleti ija kuwindo kuti kuwala kugwerepo, anati, "Taonani." Pagalasipo pali kapulasitiki koteteza. Pena ponse kanali kowala. Koma pakona paja, pa kabokosi kanga, kanali katachita kuperepeseka, kuyera mbuu, ngati pamene pamakhudza chala pa batani la wailesi yakale. Palibe malo ena amene anadinidwa ngati pamenepo. Pa madzi ayi, pa mbatata ayi, pa amayi aang'ono ayi.

Mwamva, abale? Miyezi yonse imene ine ndinkawerenga "Amayi aang'ono" n'kumadya mtima wanga, mwana wanga ankandiitana ine poyamba, asananene china chilichonse. Amayi, madzi. Amayi, bulangete. Amayi, dzino. Ankandiitana, kabokosi n'kukhala chete chifukwa mwini wake anakana kubwera. Ndipo ine ndinkamukankha dzanja, n'kumamuuza kuti apo palibe kanthu. Ndinkamuuza mwana wanga kuti pa amayi ake palibe kanthu!

Ndipatseni kamphindi. Ayi, mayi, musavutike, ndili nako kansalu.

Ndinagwada pansi pa simenti m'nyumba mwa mng'ono wanga. Ine mkulu, kugwadira mng'ono. Ndinamugwira miyendo, ndinati, "Lusiya, pakamwa panga pananditengera kutali. Mawu aja sindingawameze, anatuluka kale. Ndikhululukire." Iye analira, ine ndinalira. Anati, "Achemwali, anandipweteka, sindinama. Koma chibale ndi fupa, sichiola. Dzukani, njinga yafika." Ndinapepesanso kwa Madalo, ndipo panjira ndinawaululira bambo ake bodza langa. Sanandiyankhule mpaka tinafika ku Boma, ndipo ndinayenera.

Dzino analichotsa tsiku lomwelo. Adokotala anati tikanachedwa, kutupako kukanafalikira. Patatha masiku awiri Madalo anadya mbatata mbale yonse.

Sukulu itatsegulira, sindinadikire uthenga. Ndinavala chitenje changa cha pa Khirisimasi, ndinadzola mafuta, ndinakankha njinga ya Madalo mpaka m'kalasi. Ndinawauza a madamu zonse, kuti ngati akufuna kutilanda tabuleti atilande podziwa. Iwo anati, "Tabuletiyi si yanu, mayi, ndi pakamwa pa Madalo. Khalani apa, yang'anani kuno." Anandijambula. Ndipo ulendo uno palibe anandiuza kuti ndisamwetulire.

Kenaka anati, "Tsopano nenani kuti 'Amayi', tijambule." Ndinakonza kukhosi, ndinanena. Atadina kuti timve, abale, mawu anga aja okhala ngati chitseko chadzimbiri akuti "Amayi!" Madalo anaseka mpaka kutsamwa. Nanenso ndinaseka. Ndinati, "A madamu, ndiye kuti ndizidziitana ndekha? Kapu ilankhule mwina, bulangete mwina, pofika pa ine mwana asinthe mawu ngati walowa chiwanda?" Pomwepo Mzimu anandiunikira chinthu chimene nsanje inandibisira. Mawu ali m'tabuletimo salinso a Lusiya. Anapereka. Ndi a Madalo tsopano. Ndi mawu amene mwana wanga amapemphera madzi, amene amakanira juzi, amene ananenera za dzino. Ndinamufunsa mwini wake, ndinati, "Madalo, ukufuna mawu ati pamenepa, angawa kapena ako aja a masiku onse?" Ndinaloza pakamwa panga, anadina "Ayi." Sanachedwe n'komwe, mwana wosaopa mayi ake!

Ndinatuluka, ndinapita ku sukulu ya mkaka, ndinamupeza Lusiya akuimbitsa tiana. Ndinati, "Tiye ukamalize ntchito yako." Anakana, anati, "Achemwali, mawu amenewo ayi." Ndinati, "Poyamba ndinakutuma mwamwano. Lero ndikukupempha." Anabwera. Munthu woimba pamaso pa mpingo wonse wosanjenjemera, liwu limodzi lokha linamukanika kanayi, akangoti "Ama..." misozi. Kachisanu linatuluka bwino. Mkazi amene ndinamunyoza kuti alibe womutcha amayi, ndi amene anapereka mawu oti ine ndizitchedwa amayi.

Ndiye ndaima pano kuthokoza Mulungu. Ndikuthokoza kuti anandichititsa manyazi mwana asanapweteke kwambiri. Ndikuthokoza chifukwa cha a madamu aja, amene amakhala ndi ana athu amene ena amati ndi ongosunga kunyumba. Ndikuthokoza chifukwa cha amuna anga, amene anayambanso kundiyankhula. Sindikunena kuti nsanje inatheratu, ayi, ndinganame m'nyumba ya Mulungu. Lusiya akayambitsa nyimbo kansanje kamandigwirabe pang'ono apa. Koma tsopano ndimakadziwa, kakangodzuka ndimakauza kuti khala pansi, unandidyetsa dothi la mbatata iwe. Muzindipempherera. Ndipo muzimupemphereranso mng'ono wanga pa chosowa chake, inu mukuchidziwa.

Amayi anzanga amene muli ndi ana ngati wanga, aphunzitsi akakuitanani, pitani. Kachewere adikira. Musasiye kabokosi kanu kopanda kanthu.

Tsopano ndikupempha mpingo wonse, imirirani mukondwere nane. Amayi, konzani nthungululu, a kwaya gwirani ng'oma. Koma dikirani kaye, dikirani, ndaona dzanja likunyamuka kukhomoko. Khalani chete pang'ono, amachedwa koma amafika. Lusiya, kweza mawuwo amve ndi akumbuyo.

Mwamva? Mwamva, abale? Ameneyo akuitana ine.

Ndabwera, mwanawe, ndabwera. Imbani inu, ine ndaitanidwa. Aleluya! Amen.